Njira ya Santiago: makilomita 780 pa njinga kukafika ku manda a Yakobo Woyera

Kumpoto kwa dziko la Espanha kuli njira imene anthu akhala akuyendamo kwa zaka zoposa 1,000, kulunjika ku mzinda wa Santiago de Compostela. Kumeneko n'kumene Akhristu ambiri amakhulupirira kuti kuli manda a Yakobo Woyera, mmodzi mwa atumwi 12 a Yesu. Ambiri amayenda wapansi, chikwama kumsana, ndodo m'manja. Koma pa anthu 100 alionse ofika kumeneko, owerengeka chabe amabwera akupalasa njinga. M'chaka cha 2019, ofesi yolandira alendo ya tchalitchi chachikulu cha Santiago inalemba anthu oposa 347,000, ndipo mwa iwo oposa 19,000 anali a njinga. Eni dziko anawapatsa ndi dzina lawolawo, bicigrino, polumikiza mawu akuti bici, kutanthauza njinga, ndi peregrino, munthu woyenda ulendo wa ku malo oyera.

Mlimi wa ku Angónia, Tsangano kapena Macanga safuna kumulongosolera za njinga. Ndiyo imanyamula matumba a kachewere kupita nawo ku msika, ndiyo imathamangira kuchipatala ndi wodwala. Ulendo wa mapemphero nawonso si wachilendo: Akatolika a chigawo cha Tete amapita ku Zóbuè, a kummwera kwa Moçambique amasonkhana ku Namaacha mwezi wa Meyi. Chosiyana n'chakuti ku Espanha zinthu ziwirizi anaziphatikiza n'kuziikira malamulo, ndipo malamulowo samukondera wa njinga.

Baibulo limanena kuti Yakobo, mwana wa Zebedayo ndi m'bale wake wa Yohane, anaphedwa ndi lupanga ku Yerusalemu molamulidwa ndi mfumu Herode, cha m'ma 44. Za ku Espanha silinenapo kanthu. Ndi mwambo wa mpingo umene umati ophunzira ake ananyamula mtembo pa ngalawa n'kukauika ku Galicia, kumpoto chakumadzulo kwa dzikolo. Zaka pafupifupi 800 pambuyo pake, m'nthawi ya mfumu Alfonso II, bishopu wina dzina lake Teodomiro analengeza kuti mandawo apezeka. Pamalopo anamangapo katchalitchi, ndipo mu 1075 anayamba kumanga tchalitchi chachikulu chimene chilipo mpaka lero. Pofika zaka za m'ma 1100, alendo anali atachuluka moti panalembedwa buku lotchedwa Codex Calixtinus, lomwe gawo lake lina limauza apaulendo za mitsinje ya madzi abwino ndi ya madzi oipa, ndiponso za makhalidwe a anthu okhala m'mbali mwa njira.

Patapita zaka mazana angapo alendo anachepa kwambiri, ndipo m'malo ena njira inamera thengo. Amene anaidzutsa ndi wansembe wa m'mudzi wa pamwamba pa phiri wa O Cebreiro, bambo Elías Valiña. Cha m'ma 1984 iwo anayenda ndi chitini cha penti wachikasu, kujambula mivi pa miyala, pa mitengo ndi pa makoma, kuyambira kumalire a França mpaka ku Santiago. Mivi yachikasuyo, pamodzi ndi chithunzi cha chigoba cha nkhono ya m'nyanja, ndizo zimatsogolera alendo mpaka pano. Mu 1993 bungwe la UNESCO linaika njirayi pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi.

Lamulo la makilomita 200

Wofika ku Santiago amapatsidwa chikalata chotchedwa Compostela. Woyenda wapansi kapena pa hatchi amachilandira akayenda makilomita osachepera 100. Wa njinga amafunika 200, mtunda wocheperako pang'ono poyerekeza ndi kuchoka ku Ulónguè kukafika mumzinda wa Tete. Chifukwa chake n'chodziwikiratu: pa chidikha, mtunda umene wapansi amautha maola atatu, wa njinga amaudya mu ola limodzi. Tikawerengera choncho, kumuchulukitsira kawiri kokha n'kumukomerabe mtima.

Umboni wake ndi kabuku kotchedwa credencial. Mlendo amakatenga poyamba ulendo, ndipo paliponse pamene wagona, wapemphera kapena wamwa khofi amapempha kuti amudindire chidindo chokhala ndi deti. M'chigawo chomaliza cha ulendo zidindo zimafunika ziwiri pa tsiku, kuti asapezeke wina wokwera basi n'kumanama kuti wapalasa. N'chifukwa chake apansi ambiri amayambira m'tauni ya Sarria, imene ili pa mtunda wopitirira pang'ono makilomita 100, pamene a njinga ofuna ulendo waufupi amayambira ku Ponferrada, wopitirira pang'ono 200.

Ofuna njira yonse amayambira ku Saint-Jean-Pied-de-Port, kamzinda ka ku França komwe kali m'tsinde mwa mapiri a Pirenéus. Iyi ndi njira yotchedwa Camino Francés, ya makilomita pafupifupi 780. Wapansi amatha mwezi wathunthu ndi masiku angapo. Wa njinga wopalasa makilomita 60 kapena 70 pa tsiku amatha masabata awiri kapena kucheperapo.

Tsiku loyamba ndilo lopweteka kwambiri. Kamzinda koyambirako kali pa mamita osakwana 200 kuchokera pa nyanja, ndipo njira ya m'phiri imakwera kupitirira mamita 1,400 isanatsikire ku Roncesvalles, mbali ya Espanha. Kukwera kumeneku n'kofanana ndi kuchoka m'chigwa cha Zambezi ku Tete kukafika kumtunda kwa Angónia, koma konseko kuthinikizidwa mu makilomita 20 okha. Njira ya m'phiriyo imatsekedwa kuyambira 1 Novembala mpaka 31 Malichi chifukwa cha chipale ndi nkhungu, popeza anthu akhala akusokera ndi kufa kumeneko. A njinga ambiri, ngakhale nyengo ili bwino, amasankha msewu wa tala wodzera ku Valcarlos, umene umadutsa pa mamita 1,057. Amene amakakamira ya m'phiri amathera theka la tsiku akukankha njinga.

Kusankha kotereku kumabwera tsiku lililonse. Njira yeniyeni ya mivi yachikasu inapangidwira mapazi: muli miyala yogubuduzika, matope, masitepe ndi tinjira topanikiza. Pafupi nayo nthawi zambiri pamakhala msewu wa galimoto. Atadutsa mzinda wa Pamplona, mwachitsanzo, pali chitunda cha Alto del Perdón, ndipo mtsetse wa kuseri kwake ndi wa miyala yokhayokha yosagwirana. Wanzeru amatsika pa njinga n'kuyenda nayo pamanja, kapena amazungulira pa tala. Palibe lamulo lomuletsa. Ofesi ya ku Santiago imayang'ana zidindo, siyang'ana matope a pa tayala.

Akayenda pa tala, mlendo wochokera ku Moçambique, Malawi kapena Zambia ayenera kusintha zimene manja ake anazolowera, chifukwa ku Espanha galimoto zimayenda kumanja. Kunja kwa mizinda lamulo limafuna kuti wa njinga avale chipewa cholimba choteteza mutu, chija ena amati kapasete, ndipo woyendetsa galimoto ayenera kumusiyira mpata wa mita imodzi ndi theka pomupitirira.

Kuchoka pamenepo njira imadutsa m'minda ya mphesa ya Navarra ndi La Rioja. Pa Irache pali kampani ya vinyo imene inaika mipope iwiri pa khoma, wina wa madzi wina wa vinyo, zonse zaulere kwa apaulendo. Wa njinga amene akuyenera kupalasabe makilomita 40 amadziwa yekha mpope womuyenera. Patsogolo pali tauni ya Santo Domingo de la Calzada, imene inatenga dzina la munthu amene anamwalira mu 1109 atatha moyo wake akulambula msewu, kumanga mlatho pa mtsinje wa Oja ndi nyumba yogona alendo. M'tchalitchi cha kumeneko amasungamo tambala ndi thadzi, zamoyo, m'khola la pa khoma, pokumbukira nthano yakale ya mnyamata amene anapachikidwa popanda mlandu.

Pakati pa mizinda ya Burgos ndi León pali chidikha chachikulu chotchedwa Meseta, makilomita pafupifupi 180 a minda ya tirigu ndi balere, mitengo ya apo ndi apo. Apansi amachiopa chifukwa chimawadyera sabata yoposa imodzi. Pakati pa Carrión de los Condes ndi Calzadilla de la Cueza pali makilomita 17 opanda mudzi ngakhale umodzi. Wa njinga amachitha masiku awiri kapena atatu, ndipo apa m'pamene amapezerera. Komabe mphepo ya kumeneko imakonda kuwomba kuchokera kumadzulo, kumene iye akulowera, ndipo njinga yokhala ndi zikwama mbali zonse imagwira mphepo ngati chitseko. Mu Julayi ndi Ogasiti, pamene ku Angónia kuli chisanu, kumeneko kuli dzuwa lopitirira madigiri 30. Wa mumzinda wa Tete angaseke pomva zimenezi, koma pa chidikha chopanda mthunzi, munthu akupalasa maola asanu, madzi a m'botolo amatha msanga. Ozolowera amasankha Meyi, Juni kapena Seputembala.

Mtanda wachitsulo ndi mtsetse woopsa

Atadutsa Astorga, njira imakweranso mpaka pa Cruz de Ferro, mamita pafupifupi 1,500, pamene pali kamtanda kachitsulo pamwamba pa mtengo wautali wozikidwa pa mulu wa miyala. Mwambo wake ndi woti mlendo abwere ndi kamwala kochokera kwawo n'kukasiya pamenepo, ngati chizindikiro cha katundu wa mumtima amene akutula. Ena amalembapo dzina la wodwala kapena la malemu.

Chimene chimatsatira ndicho choopsa kwa wa njinga kuposa chitunda chilichonse. Kuchoka pa mtandawo kukafika ku Molinaseca msewu umatsika mamita pafupifupi 900 mu makilomita osakwana 20, mokhotakhota. Potulukira m'mudzi wa El Acebo pali chikumbutso chachitsulo chooneka ngati njinga, cha mlendo wa ku Alemanha amene anafera pa mtsetse umenewu mu 1987. Chimene chimachitika n'chodziwika kwa aliyense amene anatsikapo phiri ndi thumba pa kaliyala. Katundu amakankha kuchokera kumbuyo, ndipo njinga yolemedwa imafuna mtunda wautali kuti iime. Munthu akagwira mabuleki osasiya, labala ndi limu zimatentha, mabuleki amayamba kufooka, ndipo nthawi zina chubu chimaphulika chifukwa cha kutenthako. Ozolowera amagwira mwamphamvu asanafike pokhota n'kusiya, amagwiritsa ntchito mabuleki onse awiri, ndipo amaima apo ndi apo kuti malimu azizire. Mabuleki a kutsogolo ndiwo ali ndi mphamvu zambiri zoimitsa, koma kuwagwira okha modzidzimutsa pa miyala kumamuponya munthu kutsogolo.

Pa nkhani ya katundu alangizi a ulendowu amagwirizana: makilogalamu 10 kapena 12 akwana, ogawidwa mofanana m'zikwama ziwiri za mbali mwa tayala lakumbuyo, osati kumsana. Mlimi amene amanyamula thumba la makilogalamu 50 angaone ngati n'zamasewera. Kusiyana kwake kuli pa masiku. Ulendo wa ku msika ndi wa tsiku limodzi, mawa lake thupi limapuma. Apa munthu amadzuka n'kukhalanso pa chishalo masiku 12 otsatizana, ndipo zimene zimamugwetsa si mapapo ayi, koma mawondo ndi pokhalira. Chishalo chotsika kwambiri chimapweteketsa mawondo. Kabudula wa msoko wokhuthala, akanyowa ndi thukuta, amayambitsa zilonda zimene pofika tsiku lachinayi zimamulepheretsa munthu kukhala. Magiya opepuka amathandiza chifukwa kupalasa mofulumira koma mosalemedwa kumasunga mawondo kusiyana ndi kupondereza ndi mphamvu. Zida zonyamula n'zomwe aliyense wokonza njinga pansi pa mtengo amazidziwa: pampu, chubu chapadera, zigamba ndi guluu, masipanala ochepa, mafuta a tcheni ndi labala wa mabuleki wosinthira.

Wa njinga amagona pomaliza

M'mbali mwa njira muli nyumba zogona alendo zotchedwa albergue. Zina ndi za boma, zina za mpingo, zina za anthu wamba ochita malonda. M'zambiri muli mabedi osanjikiza, anthu makumi angapo m'chipinda chimodzi, mkonono wake osanena, ndipo nsikidzi nazo sizisowa pa nyengo ya anthu ambiri. Mlendo amaonetsa credencial, amalipira ndalama yochepa kapena kungoponya chimene angathe m'bokosi, amagona usiku umodzi wokha, zitseko zimatsekedwa cha m'ma 10 koloko usiku, ndipo pofika 8 koloko m'mawa ayenera kukhala atatuluka.

M'nyumba za boma la Galicia muli ndondomeko ya amene ayambe kupatsidwa bedi: olumala, kenako apansi, kenako a pa hatchi, kenako a njinga. Zimachitika kuti wa njinga wafika masana bedi lilipo, koma amauzidwa kuti adikire mpaka madzulo. Ambiri amadandaula, koma lamuloli lili ndi mutu. Malo akadzaza, wa njinga amafika mudzi wotsatira pa makilomita 10 mu mphindi 40, pamene wapansi wa matuza kumapazi angathe maola atatu, mdima utagwa.

Kusamvana kwina kumakhala m'njira mwenimwenimo, makamaka kuchoka ku Sarria, kumene anthu amachuluka ngati tsiku la msika. Wapansi wotopa, nthawi zina zomvera nyimbo zili m'makutu, samva njinga ikubwera kumbuyo, ndipo ikamudutsa mwaliwiro pa kanjira kopanikiza mtima umamudumpha. Mwambo ndi woti wa njinga achepetse liwiro, aimbe belu akadali patali, ndipo podutsa apereke moni wa pa njirayi, "Buen Camino", kufunirana ulendo wabwino. Alipo apansi amene amanena poyera kuti wa njinga si peregrino weniweni. Mpingo sunena choncho, chikalata chake n'chimodzimodzi. Chimene chili choona n'chakuti wapansi amakumana ndi nkhope zomwezo madzulo aliwonse mpaka amasanduka abale, pamene wa njinga amene wacheza naye lero mawa amusiya makilomita 40 kumbuyo.

Midzi imene njira inaidzutsa

Midzi yambiri ya m'kati mwa Espanha inatha anthu m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, achinyamata atathawira ku mizinda ndi kumayiko ena kukafuna ntchito. Mudzi wa Foncebadón, pafupi ndi Cruz de Ferro, unafika potsala ndi anthu awiri okha, mayi ndi mwana wake, nyumba zina zonse zitagwa madenga. Lero muli malo ogona, odyera ndi kagolosale, zonse zodalira anthu odutsa. Phindu limeneli silifika mofanana. Mudzi umene uli makilomita atatu kunja kwa mivi yachikasu supeza kanthu, ndipo m'miyezi yozizira malo ambiri amatseka. Wapansi amaima pafupifupi mudzi uliwonse kugula buledi, chipatso kapena khofi, pamene wa njinga amadutsa midzi isanu asanatulutse ndalama. Mwina n'chifukwa china chimene eni malo amakondera apansi.

Chitunda chomaliza chachikulu ndi cha O Cebreiro, mamita pafupifupi 1,300, khomo lolowera ku Galicia. Kuseri kwake dziko limasintha. Mvula ndi yambiri, minda ndi ing'onoing'ono yotchingidwa ndi miyala, ndipo mlimi wa kumalire kuno angazindikire zambiri: chimanga, kachewere, masamba a mtundu wa kabichi, ng'ombe zikuyenda m'njira imodzimodzi ndi alendo n'kusiya ndowe zoterera. Pafupi ndi nyumba zambiri pali hórreo, nkhokwe ya chimanga yomangidwa ndi miyala kapena matabwa, yokhala ndi timipata tolowera mphepo. Imaima pa mizati, ndipo pamwamba pa mzati uliwonse amaikapo mwala wathyathyathya wotambalala kuposa mzatiwo, kuti khoswe akakwera afike pomwe sangathe kupitirira. Kwa wa njinga, Galicia ndi dziko la kukwera ndi kutsika kosatha, limene eni ake amalitcha rompepiernas, chothyola miyendo.

Palinso njira ina yochokera ku Portugal, yachiwiri pa kuchuluka kwa anthu. Kuchoka ku Porto ndi makilomita pafupifupi 240, kuwoloka mtsinje wa Minho pakati pa Valença ndi Tui. Mfumukazi Isabel ya ku Portugal inapita ku Santiago mu 1325. Pa njira imeneyi mivi yachikasu imaloza kumpoto ku Santiago, ndipo pa makoma omwewo pali mivi yabuluu yoloza kummwera ku Fátima. Wolankhula Chipwitikizi samavutika kumeneko, ngakhale ku Galicia kwenikweni, popeza chilankhulo chawo n'chapachibale ndi Chipwitikizi. Chovuta kwa nzika ya Moçambique si njinga ayi, koma viza yolowera ku Europa ndi mtengo wa ndege, umene uli kutali ndi zimene mlimi wamba amapeza pa zokolola za chaka.

Pa phiri laling'ono la Monte do Gozo, makilomita asanu asanafike, nsanja za tchalitchi zimayamba kuoneka. Ulendo umathera pa bwalo la Obradoiro, pamene a njinga ambiri amanyamula njinga zawo m'mwamba pojambulitsa. Ku ofesi ya alendo amaona zidindo, amafunsa cholinga cha ulendo, ndipo amene wayenda pa zifukwa za chipembedzo kapena zauzimu amalandira Compostela, yolembedwa m'Chilatini. M'tchalitchi muli Misa ya apaulendo tsiku lililonse, ndipo pa masiku ena a chikondwerero amuna asanu ndi atatu amakoka zingwe kugwedeza Botafumeiro, chofukizira lubani cholemera makilogalamu oposa 50, chimene chimauluka kuchokera mbali ina ya tchalitchi kukafika ina.

Kale mlendo akafika ankatembenuka n'kubwerera kwawo ndi mapazi omwewo. Masiku ano positi ofesi ya ku Espanha, Correos, imalongedza njinga m'katoni n'kuitumiza, mwini wake n'kukwera sitima. Ena amapitirira makilomita ena 90 mpaka ku Fisterra, pa gombe la nyanja ya Atlântico, kumene akale ankati dziko lathera.

Tsiku la Yakobo Woyera ndi 25 Julayi, ndipo likagwa Lamulungu chaka chonsecho chimatchedwa Chaka Choyera: khomo lapadera la tchalitchi limatsegulidwa ndipo alendo amachuluka kuposa zaka zina. Zinachitika mu 2010 ndi mu 2021, pamene Papa analola kuti chipitirire mpaka 2022 chifukwa cha mliri wa Covid-19. Chotsatira ndi cha 2027. M'chaka chotere mabedi a nyumba za boma amatha dzuwa lili pamutu, ndipo a njinga ambiri amasungitsiratu malo m'nyumba za anthu wamba kapena kugona m'midzi ing'onoing'ono imene apansi sakonda kuimamo.